Chingwe Chopanda Galu

Mwamuna wanga Rodney atapuma pa ntchito ku khonsolo, kumene kwa zaka zambiri ankayendetsa chigalimoto chosalaza misewu, mtendere unatha m'nyumba mwanga. Poyamba anakonza chitseko chimene chinalibe vuto lililonse, mpaka chinayamba kulira. Kenaka anandisanjira mabotolo onse a kukhitchini, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, moti mchere ndinkachita kufunsa kwa iye. Zokonza zitatha anangokhala pampando wake, manja pamimba, n'kumandiperekeza ndi maso kulikonse kumene ndalowera.

Choncho atanena kuti tipite ku chionetsero cha zaulimi ku Bathurst, ndinavomera msanga. Ndinkati akaone ng'ombe ndi mathirakitala, mutu upepukeko. Sindinkadziwa kuti kuseri kwa makola a nkhosa kunali bwalo la agalu.

Kumeneko ndi kumene anaona agalu a mtundu wa bokosa, ofiirira aja a chifuwa chotambalala, mphuno yophwatalala ngati anagunda khoma, nkhope yamakwinya ngati ya munthu amene wangolandira uthenga woipa. Rodney anaima pampanda osaphethira. Payi wa nyama amene anagula anazizirira m'manja, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chikwatiranireni.

"Noelene, taona chifuwacho," anatero. "Galu ndi ameneyo. Enawa ndi mapilo oyenda."

"Ndaona. Tiye tikaone maungu."

"Amalume anga a Clarrie anali naye wotere. Ankanditsatira mpaka kusukulu."

"Nthawi imeneyo unali ndi mawondo."

Njira yonse yobwerera kwathu ku Cowra nkhani inali ya bokosa. Akuti adzatilondera nyumba, ngakhale kuti chitseko chathu chakumbuyo kiyi wake anasowa ana athu akadali kupulaimale, ndipo palibe anatiberapo ngakhale supuni. Akuti azidzathamanga naye m'mawa uliwonse, mimba iphwe.

Ine sindidana ndi agalu. Ndinakulira pafamu ya nkhosa. Koma agalu athu ankagona panja, ankagwira ntchito, ndipo ukawauza kuti khala, ankakhala. Tsopano ndinali ndi sofa yoyera mbee, imene ndinaleza nayo mtima mpaka ana onse atachoka pakhomo. Ndinali ndi maluwa a marozi kutsogolo kwa nyumba. Mpanda wathu unkangofika m'chiuno.

Ndinaimbira foni mwana wathu Tamsin ku Canberra, chifukwa ali pasukulu anakhalapo nyumba imodzi ndi mtsikana wina amene anali ndi bokosa.

"Amayi, musayerekeze," anatero. "Bokosa sakula. Thupi limakula, mutu umatsalira m'mbuyo. Wa mnzanga uja anali ndi zaka zinayi koma ankalumphirabe aliyense wolowa pakhomo. Amafuna kuthamanga m'mawa ndi madzulo, kaya kukugwa mvula, kaya mwadwala. Mukamusiya yekha amalira, akatopa kulira amadya mipando. Kutentha sapirira chifukwa cha mphunoyo, ndiye mu Januwale azikhala nanu m'nyumba, inu pansi iye pafupi ndi fani. Ndiye pali dovu, amayi. Akapukusa mutu limafika kudenga."

"Uwauze abambo akowa."

"Abambo samva. Angonena kuti sukulu inandiwononga."

Rodney ankamvetsera ali pampando wake. "Ndamva zonse," anakuwa, "ndipo palibe chondiopsa. Ine ndizidzuka m'mawa uliwonse."

Uyu ndi munthu amene moyo wake wonse wa ntchito ndinkachita kumuvundukula bulangete kuti adzuke. Sindinatsutse. M'mawa mwake ndinapita kusitolo, ndinagula chingwe cha galu chofiira, chokhala ndi lamba wake wa m'khosi, n'kudzamuikira pambali pa mbale.

"Galu wako ndi uyu," ndinatero. "Kuyambira mawa uzidzuka dzuwa lisanatuluke, utenge chingwechi, utsikire kumtsinje, uzungulire bwalo la mpira, ubwere. Madzulo chimodzimodzi. Ukakwanitsa mpaka nyengo yozizira ithe, tikagula bokosa."

"Nanga chingwe n'chachiyani? Ndizingoyenda."

"Ukamangoyenda uzikathera ku bekale, n'kubwera pagalimoto ya mnzako Merv. Ukanyamula chingwe tauni yonse izikuona, ine ndizimva."

Ndinkaganiza kuti chisanu choyamba chidzathetsa nkhaniyo. Ndinaiwala kuti ndinakwatiwa ndi munthu wamakani.

Kwathu kuno nkhani sichedwa. Sabata isanathe aliyense anali atamva kuti Rodney akukoka chingwe chopanda galu mumsewu. Anayambitsa chipongwe ndi Merv wa kubutchala, mnzake wa Rodney kuyambira ali ana. Anatuluka ndi epuloni yake, n'kuwerama pamene panathera chingwe, akusisita mphepo.

"Koma ndiye ndi wofatsa, Rod! Amaluma?"

"Amaluma anthu ogulitsa soseji za utuchi," Rodney anayankha.

Tsiku lotsatira Merv anamupatsa fupa lokulunga m'pepala, akuti la galu wakeyo. Ndinaphikira supu. Ana odikira basi ya sukulu ankapempha kuti amugwireko. Mayi wa ku bekale anaika mbale ya madzi pakhomo. Ine ndinkadikira kuti manyazi amubweze, koma Rodney zinamukomera. Galuyo anamupatsa dzina loti Sajeni. Akafika pa bekale ankamangirira chingwe pamtengo, n'kunena ndi mawu aukali, "Khala pompo, Sajeni!" Potuluka ankamuyamikira kuti sanasunthe.

Juni anatha. Julayi anabwera ndi chisanu chake, udzu kumadzuka utayera, Rodney osaphonya ngakhale tsiku limodzi. Lamba wa buluku anabwerera bowo limodzi, kenaka linanso. Ine ndinayamba kuyang'ana sofa yanga ngati m'bale amene watsala pang'ono kukwera sitima.

Chakumapeto kwa Ogasiti ndinalandira foni kuchokera kwa mayi Valmai Hocking, amasiye a kutsidya kwa mlatho, amene tinkangopatsana moni kutchalitchi.

"Noelene," anatero, "ndamva kuti amuna anu ali ndi chingwe koma alibe galu. Ine ndili ndi galu koma ndilibe bondo."

Ankapita ku opaleshoni ku Orange, ndipo pobwera adzakhala milungu ingapo akuyendera ndodo. Galu wawo, Otto, anali bokosa wa zaka ziwiri.

"Anandigulira mwana wanga kuti ndisamasungulumwe," anatero. "Kunena zoona, chibwerereni galuyu sindinasungulumwepo. Sindinakhalenso pansi."

Ndinavomera kuwasungira galuyo ndisanamufunse n'komwe Rodney. Ndinati uwu ndi mwayi, munthu alawe asanagule.

Otto anatuluka m'galimoto ngati chivundikiro cha botolo la mowa wosasa. Anapinda thupi lonse ngati nyemba, mutu ndi matako kuyang'ana mbali imodzi, akuvina chammbalimbali. Kenaka ndinangoona miyendo iwiri pachifuwa panga, lilime lalikulu pankhope, magalasi anga ali m'marozi. M'nyumba, mchira wake wonga chikwapu unasesa makapu onse a patebulo laling'ono.

"Khala, Otto!" Rodney analamula, ndi mawu omwe aja amene Sajeni ankawamvera bwino. Otto anamulumphira.

"Akuzolowera kaye mawu anga," anatero Rodney, akudzuka.

Ulendo wawo woyamba wa m'mawa anachedwa kubwera mpaka tiyi anazizira. Pofika, Otto anali wosangalala ngati wochokera ku ukwati. Rodney anali matope kuyambira kumapazi mpaka m'khosi, chipewa palibe.

"Ndatsetsereka ndekha," anatero, ndisanafunse.

Zoona zake ndinakazimva kubutchala. Merv anali pamlatho ndipo anaona zonse. Otto anaona abakha.

"Noelene, sindinamuonepo Rod akuthamanga chotero chichokereni kusukulu," anatero Merv, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. "Amakuwa kuti ima, ima! Sindikudziwa ngati amauza galu kapena miyendo yake."

Zonse zimene ananena Tamsin zinachitika, ndi zina zimene anaiwala. Sofa ndinaifunditsa mabulangete akale, Otto anachotsa mabulangetewo n'kugona pasofa. Anafukula marozi atatu n'kundibweretsera limodzi kukhitchini, mizu ndi dothi lomwe. Mpanda ankaulumpha pongofuna kukapereka moni kwa munthu wa makalata. Ankaliza mkonono kuposa Rodney, moti pena ndinkasowa woti ndimugwedeze. Ankaphwisanso mwakachetechete n'kutuluka m'chipinda, ife kutsala tikuyang'anana, ngakhale ndikukhulupirira kuti milandu ina Rodney ankangomusenzetsa. Lamlungu lina tinamutsekera pakhonde lakumbuyo popita kutchalitchi. Tinapeza atadya chitseko cha ukonde wa ntchentche, atatsitsa zovala zonse pachingwe, atagona pa diresi yanga yabuluu, akulira chamumtima.

Koma ndinene chilungamo. Nkhope imeneyo siikalipika. Ukayamba kukalipa amapendeketsa mutu, makwinya n'kuchuluka, ngati iyeyo ndi amene walakwiridwa. Ankanditsatira paliponse, ngakhale kuchimbudzi ankandidikira pakhomo akupumira pansi pa chitseko. Ndikakhala pansi kusoka ankabwera n'kutsamira chibwano pabondo langa, n'kupuma mozama ngati nkhalamba imene yaona zambiri. Siketi inkanyowa, koma sindinkamuchotsa.

Rodney ndiye ankafota. Anayamba kununkha mankhwala opaka m'mapewa. Malaya ankavala pang'onopang'ono, dzanja lamanja kuchita kulikweza ndi lamanzere. Akabwera koyenda ankagwera pampando, Otto n'kumwa madzi, n'kutenga mpira, n'kudzamuikira pamiyendo, ngati akuti chabwino, tsopano tiyambe. Koma ku kalabu, kumene amakacheza ndi amuna anzake, Rodney ankadzitama. "Galu wa mwamuna ameneyu," ankatero. "Amafuna munthu wa dzanja lolimba."

Mayi Valmai atabwerera kunyumba tinapita kukawaona, Otto titamugwira awiri kuti asawagwetse. Anatithirira tiyi, natidulira keke ya zipatso, kenaka anatsokomola pang'ono.

"Mwana wanga akuti ndisamukire kwa iye ku Newcastle," anatero. "Wandipezera kanyumba kam'mwamba, kopanda bwalo. Agalu saloledwa. Ndiye ndati, Rodney wavutikira galu nyengo yonse yozizira, tauni yonse ndi mboni. Mutengeni Otto. Ndi wanu."

Rodney keke inamuima pakhosi. Anamwera tiyi.

"Aa, mayi Hocking, ine ndiye ndingakondwe kwambiri," anatero. "Kwambiri zedi. Kungoti nyumba ndi ya anthu awiri. Noelene ali ndi sofa yake, ali ndi maluwa ake. Sindingamukakamize mkazi wanga."

Pansi pa tebulo phazi lake linkagogoda langa. Maso ake ankandichonderera ngati a Otto akaona soseji.

"Sofa inatha kale," ndinatero mokoma. "Lonjezo ndi lonjezo, Rod. Unayenda, galu ndi wako."

Sindinaonepo munthu akumwetulira movutika chotero. Anauza mayi Valmai kuti tidzawayankha Lamlungu, poti nkhani zazikulu sizithamangiridwa.

Tinakwera galimoto. Otto anatulutsa mutu pakati pathu, akudonthezera dovu pa giya. Titafika pa bwalo la mpira Rodney anaimitsa galimoto n'kuzimitsa injini.

"Ukanakana, Noelene."

"Ndikaniranji? Si iwe unkafuna galu wa chifuwa?"

"Usandiseke. Galuyu ndimamukonda." Anamukanda kuseri kwa khutu. "Koma phewa langa silikukwezeka. Agalu amenewa amakhala zaka khumi, pena kuposa. Ndidzakhala nkhalamba ya ndodo iye akundikokerabe kwa abakha."

"Nanga wa amalume ako a Clarrie uja?"

"Ndinali kamwana. Wotopetsa mnzake ndinali ine." Anatembenukira kwa galuyo. "Komanso tikumulakwira. Ine ndikafika pothera mphamvu, iye amakhala asanayambe n'komwe. Tamuona."

Ndinamuyang'ana Otto. Ndinkafuna kuwina mkanganowo kuyambira ku Bathurst, koma nditawina sizinakome monga ndinkaganizira.

"Merv adzandiseka mpaka kumanda," anatero Rodney.

"Merv amakuseka kale."

Pabwalopo panali ana aakazi a banja la Fonoti, onse anayi, akuponyerana mpira wa ragibi. Atsikana amenewo ndi ataliatali, amiyendo yolimba, ndipo wamkuluyo amasewerera timu ya chigawo. Mayi awo, Sina, amene amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, anali atakhala pa benchi ndi yunifomu yake. Otto atawaona anayamba kulira ndi kukanda zenera.

"Amadziwana," anatero Rodney. "Madzulo alionse amawabera mpira."

Anamutsegulira. Otto anauluka. Atsikanawo anakuwa dzina lake, n'kuyamba kumupatsirana mpira pamwamba pa mutu, iye uku ndi uku, akugwa, akudzuka. Akawalumphira sankagwa, ankangomukankha ndi phewa n'kupitiriza. Tinakhala pa benchi ndi Sina mpaka dzuwa linapendeka. Kenaka tinaona zachilendo. Otto anabwera pang'onopang'ono, nagona pansi chammbali, lilime pa udzu, osasunthanso.

"Wafa?" ndinafunsa.

"Watopa," anatero Rodney, ndi mawu a munthu amene waona chozizwitsa.

Sina anaseka. "Ndipo awa sanatope. Akafika kunyumba ayambanso, mpaka apongozi anga awakalipire. Anawa akhala akundivutitsa za galu chaka chonse. Ndimawauza kuti galu amene angakhale ndi inu sanabadwe."

Ine ndi Rodney tinayang'anana.

Mayi Valmai sanavomere msanga zoti Otto apite kwa Sina ndi ana ake. Anatiuza kuti tiwatengere kwa a Fonoti akaone okha, ndipo anazungulira bwalo lonse ndi ndodo yawo akugogoda mpanda, umene unali wamalata, wotalika kuposa munthu. Anaona mtengo wa mthunzi. Anacheza nthawi yaitali ndi apongozi a Sina, amene amakhala pakhomo tsiku lonse, ndipo apongoziwo ananena mosabisa kuti galu sadzakwera pa mpando wawo. Pamene tinkatsanzika, Otto anali atatsamira chibwano pabondo la apongoziwo, iwo akumupatsa nyama ya m'chitini ndi zala.

Nyumba yathu inakhala chete moipa. Ndinatsuka makoma, ndinadzalanso marozi. Rodney anabwerera pampando wake. Merv anamuseka, inde, koma masiku ochepa okha, chifukwa anaona kuti mnzakeyo sakubwezera.

Anatipulumutsa ndi Tamsin yemwe uja. Anatiuza za mayi wina kufupi ndi Orange amene amapezera makomo agalu a mpikisano, oonda aja a miyendo italiitali amene anthu amabetcherana, akasiya kuthamanga.

"Galu wothamanga?" ndinatero. "Ukufuna kuwapha abambo ako?"

"Ingopitani mukaone, amayi."

Tinapita. Mayiyo anatitulutsira wamkazi wakuda, wa imvi pang'ono kukamwa, dzina lake Nellie. Anali nthiti ndi miyendo basi, chifuwa chopyapyala ngati chikwanje. Anayenda mwaulemu mpaka pamene panaima Rodney, anayasamula, n'kutsamira mwendo wake ndi thupi lonse.

"Akayenda pang'ono m'mawa, ndiye kuti tsiku latha," anatero mayiyo. "Kotsalako ndi tulo. Kuuwa sauwa kawirikawiri. Chimene amafuna ndi pogona pofewa ndi kajekete kukazizira."

Rodney anawerama mosamala, n'kumufunsa galuyo, "Nawenso anakutopetsa anthu?"

Tinabwera naye tsiku lomwelo.

Nellie amagona chagada, miyendo inayi m'mwamba, mano pang'ono panja, moti mlendo akalowa amayamba wapepesa maliro. Akamva kuti kunja kukugwa mvula, ngakhale umunyengerere ndi tchizi satuluka. Koma Rodney sakhala opanda chodzitamira. Anayamba kuuza aliyense ku kalabu kuti ali ndi galu waliwiro kuposa onse mu Cowra.

"Ndani anamuonapo akuthamanga?" anafunsa Merv.

Anapangana za Loweruka, pa bwalo la chionetsero la kwathu kuno limene lili ndi mpanda kuzungulira. Kunabwera Merv ndi amuna ena atatu a ku kalabu, ndi mipando yawo yopinda. Rodney anamumasula Nellie, n'kuponya mpira kutali ndi dzanja lamanzere.

"Pita, mtsikana! Aonetse!"

Nellie anautsatira mpirawo ndi maso mpaka unaima. Ananunkhiza udzu. Kenaka anatembenuka, nayenda mwakachetechete kupita ku geti, kumene kunali galimoto yathu, n'kuima pamenepo kudikira kuti wina amutsegulire. Merv anaseka mpaka mpando unapindika naye.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinkatsuka mbale, Rodney ali m'bafa. Nellie anali kubwalo lakumbuyo. Sindikudziwa chimene chinamugwira. Anagwada ndi miyendo yakutsogolo, n'kufwamphuka. Ndinangoona chinthu chakuda chikuzungulira mtengo wa mandimu, dothi likuuluka, mapazi osaoneka kuti akuponda pansi, kamodzi, kawiri, kachitatu, ine mbale ili m'manja, kukamwa yasa. Pamene Rodney ankatuluka ndi thaulo m'khosi, Nellie anali atalowa kale, atagona chagada.

Ndinamuuza. Anatsala pang'ono kulira. Anandigwira dzanja, akuti Lolemba ndipite kubutchala ndikachitire umboni.

Ndinapita. Merv anaika mpeni pansi, Rodney ali pambali panga, chifuwa patsogolo.

"Noelene, iwe sunama," anatero Merv. "Unamuonadi akuthamanga?"

"China chake chinadutsa," ndinatero. "Koma ndinali ndisanavale magalasi. Undipimire soseji za anthu awiri."